Wojambula gule ayambe wamva ng'oma

Mwezi wa Okutobala, dzuwa la m'chigwa cha Luangwa likafika pootcha nthaka mpaka mwana wopanda nsapato kumathamangira pamthunzi, Asenga a m'boma la Chama amasonkhana pa mwambo wawo wa Kwenje, umene mwini wake ndi Mfumu Yaikulu Kambombo. Kumafika anthu a kwa Tembwe, kwa Chikwa, kwa Chifunda ndi madera ena, kuphatikizapo ana a kumudzi amene anakhazikika ku Lusaka ndi kumigodi. Ng'oma zikangolira manja amakwera m'mwamba, ndipo masiku ano manjawo amakwera ndi mafoni.

Pofika madzulo, kumene netiweki ikugwira, zithunzi zimakhala zili mbwee pa Facebook ndi pa WhatsApp. Zionetsetseni, osati za Kwenje zokha, komanso za Nc'wala ku Mtenguleni mu Febuluwale ndi za Kulamba ku Mkaika mu Ogasiti. Mlendo wolemekezeka amaoneka bwinobwino, mabatani a jekete yake kuchita kuwerengeka, pakuti iye anangokhala phee pampando. Wovina, amene anakhetsa thukuta kuti tsikulo likome, amangooneka mbuu, mapazi atadulidwa, nkhope itabisika kuseri kwa mutu wa munthu wina. M'munsi mwake amalembamo kuti ovina akusangalatsa alendo. Dzina la wovinayo mulibe, mudzi wake mulibe, ngakhale dzina la gule amene akuvina kawirikawiri mulibe.

Ku Chama vutoli limakula chifukwa cha mtunda. Bomali, limene analichotsa m'chigawo cha Kummawa n'kuliika ku Muchinga mu 2011 kenako n'kulibweza mu 2021, lili pa mtunda woposa makilomita 300 kuchokera ku Chipata. Mtolankhani wokhala ndi kamera yabwino nthawi zambiri amafika pa galimoto za akuluakulu a boma, ndipo akuluakuluwo akanyamuka iyenso amanyamuka. Magule otentha amavinidwa fumbi la galimotozo litatha kale. Otsala ndi achinyamata a konko, ena ali ndi foni, ena kakamera kojambulira maukwati. Nkhani ino ndi yawo.

Ambiri amanamizira foni. N'zoona kuti kamera yodula imathandiza, koma kujambula munthu akuvina ndi luso palokha, lili ndi malamulo ake, ndipo amene analisinkhasinkha kwa nthawi yaitali ndi anthu ojambula gule wachizungu wotchedwa ballet. Guleyu anayambira m'nyumba za mafumu a ku Italy m'zaka za m'ma 1400, n'kukulira ku France, kumene mfumu Louis XIV inakhazikitsa bungwe la akatswiri a zovinavina mu 1661. Ndi uja amene atsikana amaima pansonga za zala za kuphazi, atavala nsapato zolimba kutsogolo, anyamata n'kumawanyamula m'malere. Ku Chama kulibe nsanja ya ballet; wofuna kuona akatswiri ake ayenera kupita kutali, monga ku Joburg Ballet kapena ku Cape Town City Ballet, m'dziko la South Africa. Komabe chimene chimamuzunguza mutu wojambula wa ku New York n'chomwecho chimene chimamuzunguza mnyamata wa pa Chama boma: thupi la wovina limachita changu kuposa chala cha wojambula.

Ukaona ndiye kuti wachedwa

Mayi Martha Swope, amene kwa zaka zambiri ankajambula gulu la New York City Ballet ndipo anamwalira mu 2017, sanayambe ndi kamera. Anayamba ndi kuvina, pa School of American Ballet. Mu 1957 Jerome Robbins, katswiri wopeka magule, anawaitana kuti akajambule zokonzekera sewero la West Side Story, ndipo ntchito yawo inayambira pomwepo. Chimene anali nacho kuposa anzawo chinali chakuti ankadziwa kumene mwendo ukupita usanafikeko.

Nkhani yake yagona pa masamu osavuta. Diso likaona chinthu, pamadutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi kapena asanu a sekondi chala chisanagwedezeke. Foni nayo, makamaka yotchipa, imayamba yaganiza kaye isanajambule. Koma kudumpha konse kwa wovina, kuyambira ponyamuka mpaka potera, sikukwana sekondi imodzi. Ukadikira kuti uone munthu ali m'mwamba kenako udine, chithunzi chako chidzamupeza akutsika, maondo atapindika, nkhope itakwinyika. Ojambula ballet amadina wovina akali kukwera, ndipo amawerenga nyimbo chamumtima limodzi naye. Amafuna kanthawi kakang'ono kaja ka pamwamba penipeni, pamene thupi lasiya kukwera koma silinayambe kutsika. Pamenepo ngakhale kamera yofooka imagwira chithunzi chooneka bwino, chifukwa munthuyo amakhala ngati waima.

Kwathu kuno wowerenga nyimbo ndi woimba ng'oma yaikulu. Gule aliyense ali ndi pamene ng'oma imaitana ndi pamene wovina amayankha, ndipo mwana wokulira pabwalo amazimva zimenezi m'thupi ngakhale sangazifotokoze. Apa ndi pamene mnyamata wa kwa Chifunda amamuposa mlendo wofika ndi kamera ya madola zikwi zisanu. Iye akudziwa kuti ng'oma ikasintha chonchi, wovina agwada. Ikadula chonchi, atembenuka. Chomusowa n'kungozindikira kuti chimene akudziwacho ndi chida cha ntchito, ndipo asiye kujambula mwachisawawa kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ojambula akale aja ankayenda panjinga m'midzi, filimu yawo ili ya zithunzi 36 zokha ndipo kotsukitsa kuli kutali, ankadekha chifukwa kudina kulikonse kunali ndalama. Masiku ano munthu amadina kambirimbiri, batire n'kutha gule weniweni asanalowe m'bwalo, kumudzi kopanda magetsi kumene kutchaja n'kwa sola ya pagolosale.

Mkati mwa kamera muli kachitseko, ojambula amati shata, kamene kamatseguka n'kutsekeka ngati chikope pophethira. Kakachedwa kutseka, chilichonse choyenda chimafufutika. Pa munthu wokhala pampando 1/60 ya sekondi imakwana. Pa wovina pamafunika 1/500, ndipo pa mapazi othamanga kapena nsalu youluka ena amafika 1/1000. M'nyumba za ballet kuwala kumachepa, motero ojambula amatsegula lenzi kwambiri, mpaka f/2.8, n'kukweza ISO, mphamvu ya kamera yogwira kuwala, kufika 3200 kapena 6400, kulolera kuti chithunzi chituluke ndi timadontho kusiyana n'kuti chifufutike. Mafoni ambiri a masiku ano ali ndi malo osinthira shata ndi ISO pamanja, koma eni ake sanawatsegulepo n'kamodzi komwe.

Mganda ndi dzuwa la masana

Mwa magule onse a kuchigawo kuno ndi kutsidya kwa malire ku Malawi, amene amafanana kwambiri ndi ballet pa kajambulidwe ndi mganda. Anabadwa potengera perete wa asilikali a m'nthawi ya atsamunda, amuna a kuno atabwerako ku nkhondo za azungu, ndipo wolemba mbiri Terence Ranger anafotokoza za banja lonse la magule otere m'buku lake la mu 1975 lonena za beni. Amuna amavala zoyera zositidwa bwino, masokosi ofika m'maondo, n'kuima m'mizere, ena akuliza mabadza. Kukoma kwake kuli pa umodzi: miyendo yonse inyamuke pamodzi, mapewa onse apendekeke mbali imodzi. N'chimodzimodzi ndi mzere wa atsikana ovala zoyera m'gule wotchuka wa Swan Lake, amene anaonetsedwa koyamba ku Moscow mu 1877. Wojambula akaima kutsogolo penipeni amangoona munthu woyamba, enawo abisika. Akaima chapambali n'kugwada, mzere wonse umatambasuka ndipo miyendo imaoneka ikunyamuka ngati ya munthu mmodzi.

Lamulo limene wojambula ballet aliyense amaphunzira tsiku loyamba n'lakuti usadule mapazi. Wovina wathera zaka akuphunzitsa phazi lake, ndiye iwe ukalisiya kunja kwa chithunzi wataya gule yense. Pa mganda n'chimodzimodzi, ndipo pa magule a amayi, pamene ntchito ili m'chiuno, chithunzi chodula munthu pamimba n'chopanda pake. Komanso tinene mosabisa: pali anyamata ena amene kamera yawo imangolunjika pachiuno cha mtsikana, nkhope osaiona. Kumeneko si kujambula gule ayi, ndipo amayi a pamudzi akawathamangitsa asadandaule.

Dzuwa la masana ku Chama, kumene mu Okutobala kutentha kumatha kufika madigiri 40, ndi mdani wina. Limagwa kuchokera pamutu, maso a munthu n'kulowa mumdima. Malaya oyera a mganda amainamiza kamera, iyo n'kuganiza kuti kwawala kwambiri, n'kuchepetsa kuwala mpaka nkhope zakuda kusanduka mdima wokhawokha. Vutoli ndi lakale: kwa zaka zambiri makadi amene kampani ya Kodak inkatumiza kwa otsuka zithunzi kuti aziyeserapo mitundu ankakhala ndi nkhope ya mzimayi wachizungu. Mankhwala ake ndi kuiuza kamera kuti iyeze kuwala pankhope ya wovina, osati pamalaya. Pafoni kumangofunika kugunda nkhopeyo ndi chala. Malaya akawalitsa pang'ono palibe mlandu. Ndipo amene angathe adikire chakumadzulo, dzuwa litapendeka, aime moyang'anana nalo chapambali. Fumbi limene masana limangodetsa lenzi, nthawi imeneyo limayaka kumbuyo kwa ovina n'kuonetsa mphamvu imene phazi lamenyera pansi. Chachikulu musasinthe lenzi pabwalo, fumbilo likalowa mkati wokonza ali kutali.

Ojambula ballet zithunzi zawo zabwino zambiri sazijambula pa tsiku la chionetsero. Amajambula pa kuyeserera komaliza, ovina atavala zonse koma mipando ili yopanda anthu, pamene angathe kuyenda uku ndi uku osatchinga wina. Magulu a mganda nawonso amayeserera madzulo kumudzi mwambo usanafike. Kumeneko kulibe wapolisi wokukankha, kulibe wosupa wodutsa kutsogolo kwa kamera ndi ndalama m'manja, ndipo ungathe kupempha kuti abwereze. Barbara Morgan, amene buku lake la zithunzi za wovina Martha Graham linatuluka mu 1941, ankachita zomwezo: ankaonera gule kambiri, n'kusankha kamphindi kamene kanyamula tanthauzo lake, kenako wovinayo ankabwereza mpaka chithunzi chitagwira.

Usiku wa vimbuza

Pa vimbuza m'pamene nkhani imalemera. Chisenga n'chapachibale ndi Chitumbuka, ndipo guleyu, amene bungwe la UNESCO linamulengeza mu 2005 n'kumulemba m'kaundula wake mu 2008 m'dzina la Malawi, sadziwa malire. Amavinidwa ku Rumphi ndi ku Mzimba monganso ku Lundazi ndi ku Chama. Koma vimbuza zili pawiri. Pali zovinidwa masana pa mwambo kapena pa tsiku la boma, katswiri atavala mazamba m'chiuno ndi mangenjeza m'miyendo, cholinga chili kusangalatsa anthu. Ameneyo mujambuleni, akufuna kuonedwa. Ndiye pali za usiku kwa sing'anga, kumene wovinayo ndi wodwala, kawirikawiri mzimayi, amayi anzake ndi ana atamuzungulira akuimba ndi kuomba m'manja, amuna ali pang'oma, mizimu ikuyembekezeka kutsika. Kumeneko ndi kuchipatala.

M'nyumba za ballet fulashi ndi yoletsedwa, ndipo woiyatsa amatulutsidwa. Chifukwa chake n'chakuti wovina akamazungulira amakhazika maso pa malo amodzi kuti asachite chizungulire. Kuwala kwadzidzidzi kukamuthobwa m'maso akhoza kugwa n'kuthyoka. Ngakhale kaphokoso ka kamera amakazimitsa. Ngati ulemu wotere umaperekedwa kwa munthu wathanzi amene akulipidwa, nanga kwa mayi amene wagwidwa ndi mizimu pakati pa usiku? Tochi ya foni yoyatsidwa pankhope pake ndi chipongwe, ndipo chithunzi chake chimatuluka choipa: maso ofiira, thukuta lonyezimira, kumbuyo kuli bii, moto ndi anthu oimba osaoneka.

Njira ina ilipo, ndipo anaisonyeza ndi Alexey Brodovitch, amene anali mkulu wokonza maonekedwe a magazini ya Harper's Bazaar. M'zaka za m'ma 1930 ankaima kuseri kwa nsanja akujambula magulu a Ballets Russes ndi kakamera kakang'ono, popanda fulashi, shata ataichedwetsa dala. Buku lake lotchedwa Ballet, la zithunzi 104, linatuluka mu 1945. Zithunzizo n'zofufutika, zamadontho, zina nkhope sizizindikirika, ndipo malinga ndi malamulo a nthawiyo zinali zolakwika. Lero zimaphunzitsidwa m'sukulu za ojambula, chifukwa zimaonetsa kuyenda kwenikweniko. Kusiyana kwa mbuu wa Brodovitch ndi mbuu wa pa WhatsApp n'kwakuti wake anali wosankha. Pa kuwala kwa moto kapena kwa nyali ya sola, wojambula atatsamiza kamera pabondo kapena pampando, shata ili pa 1/15 kapena 1/30, mutu wa wovina ukhoza kugwirika pamene mazamba akumwazika mozungulira chiuno. Chithunzi chotere chimanena zoona za vimbuza kuposa cha fulashi, ndipo chili ndi ubwino wina: chikhoza kubisa nkhope ya wodwala.

Pakuti funso lalikulu si la shata. Ndani wavomera? Sing'anga akhoza kulola, mwina pofuna kutchuka, koma matendawo si ake. Munthu amene ali m'kati mwa mizimu sangapemphedwe chilolezo. Chipemphedwe asanayambe, ndipo chipemphedwenso mawa lake ataona chithunzicho ndi maso ake, abale ake alipo. Amishoni ankaletsa vimbuza, ndipo mpaka lero mipingo ina imaziona ngati zachikunja. Chithunzi chimodzi choponyedwa pa Facebook chikhoza kumuimitsa mayi pamaso pa akulu a mpingo, kapena kumutchukitsa mtsikana kuti ndi wamisala m'dera lonse. Wojambula amakhala atakwera basi kalekale. Dziko la Zambia lili ndi lamulo la mu 2021 loteteza zinsinsi za anthu, limene limaika nkhani za umoyo wa munthu m'gulu la zofunika kusamalidwa mwapadera, komanso lamulo la mu 2016 loteteza nzeru za makolo ndi zaluso za chikhalidwe, limene limafuna kuti eni ake avomereze wina asanapange nazo malonda. Koma kumudzi lamulo loyamba ndi kukaonekera kwa nyakwawa n'kunena chimene wabwerera.

Kwa Achewa a ku Katete ndi ku Chadiza kuli mwambo wina wosiyana. Gule wamkulu, amene UNESCO inamulemba m'dzina la maiko atatu, Malawi, Mozambique ndi Zambia, alibe dzina la munthu. Pamenepo wojambula alembe dzina la chilombo, kaya ndi Makanja, Chadzunda kapena Kasiyamaliro, basi. Kudambwe kamera sipita, ndipo amene sanamete asayerekeze.

Kupatula pamenepo ndi pa odwala, dzina lilembedwe. Chithunzi cha ballet sichituluka m'nyuzipepala popanda dzina la wovina, la gule, la amene anapeka guleyo ndi la wojambula, ndipo magulu ambiri amafuna kuona zithunzi zisanafalitsidwe kuti achotse zimene phazi lapindika molakwika. Ife timalemba dzina la phungu ndi maudindo ake onse, woimba ng'oma amene wakhala pa ntchitoyo zaka makumi anayi n'kumutcha mmodzi mwa anthu a m'deralo. Kufunsa dzina sikudya batire. Kabuku ndi cholembera n'zokwanira: dzina, mudzi, mfumu, gule, tsiku.

Wina angafunse kuti chithunzi cha gule chimapindula chiyani m'boma limene anthu akudandaula za msewu, za njovu zodya m'minda ndi za mtengo wa mpunga. Michaela DePrince anabadwira ku Sierra Leone mu 1995, nkhondo ili mkati, ndipo anakulira kunyumba ya ana amasiye. Tsiku lina anatola magazini imene mphepo inaulutsira pageti, pachikuto pake pali mzimayi wovina ballet ataima pansonga za zala. Anang'amba chikutocho n'kuchibisa. Atatengedwa ndi banja la ku America anaphunzira guleyo, n'kudzavina ku Dutch National Ballet ndi ku Boston Ballet, ndipo anamwalira mu 2024 ali ndi zaka 29. Mu 2020 kanema wachidule wa pafoni woonetsa Anthony Madu, mnyamata wa zaka 11, akuvina ballet pamvula wopanda nsapato ku Lagos, anazungulira dziko lonse, ndipo mnyamatayo anakaphunzira ku Elmhurst Ballet School ku Birmingham. Sikuti mwana aliyense wojambulidwa adzakwera ndege. Koma mwana amasirira chimene wachiona chitalemekezedwa, ndipo mwana wa ku Chama amene amaona osewera mpira a ku England pakhoma la shopu iliyonse sanaonepo amalume ake a mganda atapachikidwa pakhoma la kalasi.

Chomvetsa chisoni n'chakuti zithunzi zathu zimafa msanga. Martha Swope anapereka zithunzi zake zoposa miliyoni imodzi ku New York Public Library mu 2010, ndipo aliyense wofufuza za magule a nthawi yake amazipeza. Zathu zimakhala m'foni mpaka foniyo itabedwa, itagwera m'madzi powoloka mtsinje nthawi ya dzinja, kapena mwini wake atafufuta kuti alowetsemo nyimbo. Ku Lusaka kuli National Archives of Zambia, ku Mbala kuli Moto Moto Museum, koma nkhokwe yoyamba iyenera kukhala ku Chama komweko, kumene eni nkhopezo angathe kudziona.

Komiti yokonza Kwenje ingathe kuyamba chaka chino popanda kudikira thandizo la kunja. Isankhe achinyamata awiri kapena atatu a m'bomali, pakhale mtsikana, iwapatse malo kutsogolo kwa bwalo kumene angagwade osatchinga mafumu, iwalole kupita ku zoyeserera, ndipo iwalamule kulemba dzina la wovina aliyense. Mwambo ukatha zithunzi makumi awiri zabwino zitsukidwe papepala: zina zikhale kunyumba ya mfumu, zina zipite m'sukulu, ndipo wovina aliyense alandire chake. Inunso amene mukabwere ndi foni, funsani dzina musanatumize.